"Kuno sikunachitikepo kanthu": mbiri ya katauni ka alimi imayambira pati?

Funso

Ndine mphunzitsi m'katauni kakang'ono ka alimi. Kali ndi msewu umodzi, msika, chigayo, sukulu, nyumba zopemphereramo ndi masitolo ochepa, kwina konseko ndi minda. Komiti ya sukulu yandipempha kuti ndilembe mbiri ya katauni kathu kuti ana aziwerenga. Vuto ndi lakuti kuno sikunamenyedwepo nkhondo, sikunabadwirenso munthu wotchuka. Nditafunsa akuluakulu awiri chaka chimene msika unayamba, anandiuza zaka zosiyana, pomwe achitatu anangoti iwo mbiri saidziwa. Kodi malo ngati ano ali ndi mbiri yoti n'kulemba? Ndiyambire pati, nanga ndikhulupirire ndani?

Yankho

Aphunzitsi, mbiri ilipo. Ndipo mwa akuluakulu atatu amene mwacheza nawowo, amene muyambe kubwerera kwawo ndi achitatu aja, akuti sadziwa mbiri. Pa ntchito imeneyi, anthu amene andipatsa zambiri ndi amene anayamba ndi kukana chonchi. Sikuti sadziwa. Liwu lakuti mbiri ndi limene limawaopsa. Ndife tomwe a kusukulu amene tinawazoloweretsa kuti mbiri ndi zaka zoloweza pamtima, maina a olamulira ndi nkhondo. Ndiye munthu amene wakalambira kumunda ndi pamsika akamva liwulo amaona ngati mwaphonya khomo, n'kukulozerani kwa bambo wina wodziwa kulankhula pamisonkhano. Mukapitanso musalitchule. Afunseni kumene ankatunga madzi ali mwana, amene ankagula zokolola za makolo awo, chimene ankayezera, ndi chimene ankanyamulira katundu galimoto zisanayambe kufika. Mudzaona dzuwa likulowa iwo asanamalize.

Moyo wa alimi ndi wobwerezabwereza. Kusosa, kubzala, kupalira, kukolola, kugulitsa, kenako kudikiranso mvula. Kubwerezaku ndi kumene kumapangitsa anthu kunena kuti sikunachitikepo kanthu. Koma mukafunsa mofatsa mupeza kuti ulimi wa agogo si umene adzukulu akuchita lero. Pali mbewu imene inasiyidwa, ndi ina imene inalowa m'malo mwake. Pali chaka chimene feteleza anafika, chaka chimene pulawo kapena thirakitala inalowa m'munda woyamba, chaka chimene wogula wamkulu anatseka sikelo yake n'kusamuka. Mbiri ya katauni kanu ili pamenepo, pamene chizolowezi chinapindika. Pa kusintha kulikonse funsani amene anayamba, amene anakana, amene anapindula, ndi amene anatsala manja ali m'khosi. Chigayo chimene mwatchulacho, mwachitsanzo, sichinamere ngati bowa. Wina anachigula ndi ndalama zimene anazipeza kwinakwake, ndipo tsiku limene chinayamba kulira, ntchito imene inkadya maola ambiri a amayi ndi atsikana inafupika. Nthawi imene inapulumukayo inapita kuti? Funso limodzi lomwelo likhoza kukupatsani mutu wathunthu m'buku lanu.

Kuti muone kuti zazing'onozi si zachabe, ndikuuzeni za mayi wina, Martha Ballard. Anali mzamba ku Hallowell, m'dera la Maine ku America, ndipo kuyambira 1785 mpaka 1812 ankalemba m'kabuku zochitika za tsiku lililonse: mmene kunja kunachera, zimene wabzala m'dimba, nsalu imene ana ake aluka, nyumba imene wakachiritsako mayi, ndi malipiro amene walandira. Analemba za ana 816 amene anathandiza pobadwa. Olemba mbiri ena amene anaona mabukuwo anati ndi nkhani za kukhitchini zopanda phindu. Koma wolemba mbiri Laurel Thatcher Ulrich atawawerenga modekha, n'kutulutsa kafukufuku wake mu 1990, anaonetsa kuti m'katauniko munali malonda a amayi okhaokha, osinthana ulusi, nsalu, mbewu ndi ntchito, amene sankaoneka n'komwe m'mabuku a ndalama a abambo. Theka la chuma cha malowo linali litabisala m'mizere imene ena anaiona ngati yotopetsa. Chinanso ndi mudzi wa Montaillou, kumapiri a Pyrenees ku France, umene unali ndi anthu pafupifupi 250. Lero tikudziwa mmene abusa a nkhosa a kumeneko ankakhalira, amene ankadya naye ndi amene ankadana naye, chifukwa pakati pa 1318 ndi 1325 bishopu Jacques Fournier ankawapanikiza ndi mafunso pa milandu ya chikhulupiriro, alembi ake n'kumalemba mayankho awo. Mudziwo sunali woposa midzi yoyandikana nawo. Kusiyana kwake ndi kwakuti mawu a anthu ake analembedwa, a anzawo anapita ndi mphepo.

Tsono poyambira. Ambiri amathamangira kumapepala chifukwa amaoneka odalirika. Ine ndimati yambani ndi anthu, ndipo mwa anthuwo yambani ndi okalamba kwambiri ndi odwaladwala. Kaundula wa ubatizo adzakhalapobe chaka chamawa. Agogo a zaka 90 sitingawalonjeze zimenezo. Ndinachedwapo ine kupita kwa mkulu wina amene aliyense ankati ndiye ankadziwa mmene minda ya kudera lina inagawidwira. Ndinati ndiyambe ndamaliza kuwerenga zolembedwa kuti ndikafunse mafunso anzeru. Pamene ndinkati ndakonzeka, anali ataikidwa kale. Mpaka lero gawo limenelo la ntchito yanga lili ndi dzenje limene palibe pepala linalikwirira.

Pocheza nawo, pitani kwawo, osati kuwaitanira kusukulu. Munthu amakumbukira bwino ali pakhonde pake, kapena akuyenda nanu m'munda n'kumaloza ndi ndodo. Chezani ndi mmodzimmodzi. Pagulu, wamawu akulu ndi amene amalankhula, enawo amangovomereza, ndipo mayi amene mwamuna wake ali pomwepo kawirikawiri amamusiyira bwalo. Pemphani chilolezo chojambula mawu pafoni, ndipo kumayambiriro kwa chojambulacho tchulani tsiku, malo ndi amene mukucheza nawo. Mukafunsa, khalani chete. Aphunzitsife timavutika apa, chifukwa tinazolowera kumalizitsa yankho la mwana akamachedwa. Mkulu akatonthola amakhala akufukula, musamudule. Ngati pali khasu lakale, muyezo wa mbewu, chithunzi kapena chiphaso chakale, chiikeni m'manja mwake. Chinthu chogwirika chimatsegula pakamwa kuposa mafunso khumi.

Samalaninso ndi amene mukuwasankha. Katauni kalikonse kali ndi mabanja amene amadziona kuti ndi eni malo, ndipo ndi amene aliyense adzakulozereni. Pitani kwa iwo ndithu. Koma minda yawo inalimidwanso ndi aganyu, masitolo ena anatsegulidwa ndi obwera, ndipo pali mabanja amene anachoka chifukwa cha ngongole kapena kulandidwa malo. Amene anachokawo ndi ovuta kuwapeza, komabe ndi iwo amene amadziwa chifukwa chimene katauniko sikanakule. Mukalemba za otsala okha, buku lanu lidzakhala chitamando cha mabanja asanu.

Tibwere ku nkhani imene yakusowetsani mtendere, ya akuluakulu awiri osiyana zaka. Musafulumire kuganiza kuti wina akunama. Choyamba onani ngati akunena chinthu chimodzi. Msika uli ndi chiyambi choposa chimodzi: tsiku limene amayi anayamba kuyala malonda pansi pa mtengo, tsiku limene akuluakulu a boma anauvomereza n'kuyamba kutolera msonkho, ndi tsiku limene anamanga mashedi. Pakati pa masiku amenewa pakhoza kudutsa zaka 20. N'kutheka kuti onse awiri akunena zoona, wina za mtengo, wina za mashedi. Afunseni aliyense kuti, "Tsiku limene mukunenalo, pamsikapo panali chiyani chimene munkachiona ndi maso?"

Koma ngakhale zitapezeka kuti mmodzi walakwitsadi chaka, kulakwitsako musakutaye. Wolemba mbiri wa ku Italy, Alessandro Portelli, anafufuza za imfa ya Luigi Trastulli, mnyamata wa zaka 21 wogwira ntchito pafakitale ya zitsulo ku Terni, amene anaphedwa pa mkangano ndi apolisi mu March 1949, pa zionetsero zokana kuti dziko lawo lilowe mu NATO, mgwirizano wa maiko pa zankhondo. Anthu ambiri amene Portelli anacheza nawo ankanena motsimikiza kuti mnyamatayo anaphedwa mu 1953, chaka chimene antchito oposa 2,000 anachotsedwa pafakitalepo. Chaka anachiphonya, koma kuphonyako kunaulula chimene chinawapweteka kwambiri: mtima wawo unatenga imfa ija n'kuimangirira pa bala lalikulu la tauni yawo. Kwanunso zimachitika. Mkulu akasunthira kuyamba kwa msika ku chaka cha njala kapena cha kusefukira kwa mtsinje, akukuuzani kuti kwa iye zinthu ziwirizo ndi zolumikizana. Lembani chaka cholondola mukachipeza, koma lembaninso mmene anthu amakumbukirira, ndi chifukwa chake.

Pali chinanso chimene Jan Vansina, katswiri wa ku Belgium amene anafufuza mbiri yapakamwa pakati pa anthu a mtundu wa Kuba ku Congo, anachizindikira. Anthu amakumbukira bwino za m'nthawi yawo, ya makolo ndi ya agogo awo, amasimbanso mokoma za chiyambi cha malo awo, koma zapakati zimafota, mibadwo ingapo n'kupanikizika kukhala umodzi. Choncho mukamva kuti katauni kanayambitsidwa ndi "agogo a agogo athu," musawerengere zaka pa zala n'kulemba. Mwina pakatipo pagwa mibadwo iwiri.

Njira yopezera zaka kwa anthu amene sankasunga kalendala ndi kumangirira nkhani pa chinthu chodziwika chaka chake. Musafunse kuti chinali chaka chanji. Funsani kuti, "Mlatho unkamangidwa muli ndi ana angati? Wam'manja anali ndani?" Mukapeza chaka chobadwa cha mwanayo m'kaundula, mwapeza chaka cha mlatho, mwina kuphonya ndi chimodzi. Palinso zikhomo zimene dziko lonse limagawana. Mliri wa fuluwenza unasesa dziko mu 1918 ndi 1919. Nyenyezi ya mchira ya Halley inaoneka mu 1910 ndi mu 1986. Kadamsana aliyense wa dzuwa ali ndi tsiku lake ndi njira yake zowerengedwa kale ndi akatswiri a zakuthambo, ndipo NASA, bungwe la ku America la zakuthambo, inaika ndandanda wake pa intaneti. Onjezerani zanu: chaka cha dzombe, cha chilala, cha kusintha kwa ndalama, cha chisankho, cha kufika kwa magetsi. Zilembeni papepala lalitali motsatana, muziyenda nalo. Aliyense amene mwacheza naye adzawonjezerapo chikhomo, ndipo pakapita miyezi pepalalo lidzakhala msana wa buku lanu.

Mapepala nawo muwafune, ndipo ambiri ali pafupi kuposa mmene mukuganizira. Muli nawo kale amodzi m'kabati ya ahedi: kaundula wolembetsa ana ndi buku la zochitika pasukulu. Onani miyezi imene ana ankajomba kwambiri, mudzaona nyengo ya ntchito yakumunda, ya njala kapena ya matenda. Onani maina a mabanja amene akuyamba kuoneka chaka china, ndi amene akuzimiririka. Nyumba zopemphereramo zimasunga zambiri. Mwambo wolemba ubatizo, maukwati ndi maliro ndi wakale: ku England unalamulidwa mu 1538 ndi Thomas Cromwell, nduna ya mfumu, ndipo mpingo wa Katolika unakhazikitsa lamulo la mabuku a ubatizo ndi maukwati pa msonkhano wa ku Trent mu 1563. Kulikonse kumene mipingo yotere inafika, mabukuwo anafikanso. Mwezi umene maliro a ana achuluka m'kaundula umakuuzani za mliri umene mwina palibe nyuzipepala inaulemba.

Koma amene ndimawakonda kwambiri ndi mabuku a ngongole a m'sitolo ndi a magulu a alimi. Palibe amene analemba bukulo kuti adzatamandidwe, n'chifukwa chake silidzikongoletsa. Limaonetsa mwezi umene anthu ankayamba kutenga katundu pangongole, umene ankabweza, chaka chimene ambiri analephera kubweza, ndi tsiku limene katundu wachilendo anaoneka koyamba pashelefu. Mabanja a eni masitolo akale nthawi zambiri amakhala nawo m'sutikesi, osadziwa kuti ndi chuma. Maina a angongolewo musawasindikize. Inu mukufuna kayendedwe ka zinthu, osati kuchititsa manyazi adzukulu a munthu.

Pepala nalo lili ndi mwini wake, musaiwale. Lipoti la mlangizi wa zaulimi likati alimi a kuno ndi aulesi ndi osamva, funsani chimene ankawauza kuti achite, ndi chifukwa chimene anakanira. Kawirikawiri mudzapeza kuti alimiwo ankadziwa nthaka yawo, kapena kuti mbewu imene ankawakakamizayo inkafuna ntchito pa nthawi imene manja onse anali pa chakudya cha banja. Mawu a Montaillou aja ndi amtengo wapatali, koma anatuluka m'kamwa mwa anthu amantha, ali pamaso pa munthu amene akanatha kuwatsekera. Chimodzimodzi zolembedwa za kubwalo la milandu ndi za okhometsa msonkho. Powerenga muzidzifunsa amene analemba, amene ankamulembera, ndi chimene wolankhulayo ankaopa.

Tsiku lina musiye zonse muyende wapansi, muli ndi funso limodzi: n'chifukwa chiyani katauni kali pano, osati makilomita asanu kutsogoloku? Nthawi zonse pamakhala chifukwa. Mwina ndi mphambano ya njira, powolokera mtsinje, chitsime chosaphwa, siteshoni ya sitima, kapena sikelo ya wogula mbewu. Mukachipeza, onani ngati chikadalipo. Matauni ambiri a alimi amene akufota lero ndi amene chifukwa chawo chinachoka, msewu waukulu utalambalala kapena sitima itasiya kuima. Onani kumene nyumba zakale kwambiri zinayang'ana, chifukwa zimaloza kumene kunali mtima wa malowo. Lembani maina a minda, madambo ndi timitsinje, pakuti dzina limasunga mtengo umene unadulidwa kalekale kapena munthu amene anaiwalika. Kumanda, mutapempha kwa oyenera, miyala imakupatsani zaka ndi maina. Ndipo ngati mungathe kufika pa intaneti, zithunzi za setilaiti za Landsat zinayamba mu 1972 ndipo kuyambira 2008 ndi zaulere. Nyumba imodziimodzi simungaione, koma nkhalango imene inasanduka minda, kapena dambo limene linauma, zimaoneka. M'maiko amene ankalamulidwa ndi Britain, bungwe la Directorate of Colonial Surveys, limene linakhazikitsidwa mu 1946, linajambula madera ambiri kuchokera m'ndege pokonza mapu, ndipo zithunzizo zikusungidwa ku Edinburgh.

Inu muli ndi mwayi umene ofufuza ambiri alibe: ana a sukulu. Ku Ireland, kuyambira 1937 mpaka kumayambiriro kwa 1939, ana oposa 50,000 a m'sukulu pafupifupi 5,000 anatumidwa kukafunsa makolo, agogo ndi anansi za kale la madera awo, za nyengo, ntchito zamanja, mankhwala, maina a minda ndi masiku a msika. Zimene analemba m'makope awo zikusungidwa ku University College Dublin, ndipo lero anthu amaziwerenga pa intaneti, ena n'kupezamo dzanja la agogo awo. Mwana amalowa m'nyumba imene mlendo sangalowe, ndipo agogo amauza mdzukulu zimene sangauze mphunzitsi. Apatseni funso limodzi pa sabata, lalifupi, ndipo aliyense alembe amene wamuuza, zaka zake ndi tsiku. Popanda zitatuzo, nkhaniyo ikhala yokoma koma yosagwirika.

Mudzakumana ndi nkhani zowawa, makamaka za malire a minda, chuma cha amasiye ndi milandu yakale. M'katauni kakang'ono, mdzukulu wa wolakwa ndi mdzukulu wa wolakwiridwa amakhala pa desiki imodzi m'kalasi mwanu. Sindikunena kuti muzibise, chifukwa mbiri yosalala ngati mwala wa mumtsinje ana sangaikhulupirire. Koma uzani aliyense poyambirira kuti inu si woweruza, ndipo buku lanu si umboni wa kubwalo. Pamene mbali ziwiri zikusiyana, lembani zonse ziwiri ndi kunena kuti zikusiyana. Amene wapempha kuti dzina lake lisatuluke, lisatuluke. Musanasindikize, bwererani kwa amene munacheza nawo muwawerengere mokweza zimene mwalemba za iwo. Adzakukonzani, ndipo nthawi zambiri pomwepo ndi pamene amatulutsa nkhani imene anaisunga ulendo woyamba.

Zimene mwatolazo musazisunge malo amodzi. Ngakhale maboma atayapo chuma chotere: zolembedwa zambiri za kalembera wa 1890 ku America zinawonongeka ndi moto wa mu 1921 ku Washington, ndipo mu 1922 nyumba yosungira zolembedwa za boma ku Dublin inapsa pamodzi ndi pafupifupi makalembera onse a 1821 mpaka 1851. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, chiswe chimadya makope. Mawu ojambulidwa muwakopere pa kompyuta ndi pena pachitatu, ndipo zofunika kwambiri muzilembe papepala mawu ndi mawu, m'chilankhulo chimene mkuluyo analankhula, osawongola. Mabuku ndi zithunzi za anthu muzijambule pomwepo n'kubweza kwa eni ake tsiku lomwelo, chifukwa mukangotaya chithunzi chimodzi cha banja, makomo onse adzakutsekerani. Malisiti a pamakina a masiku ano amafufutika pakapita nthawi, ndiye ngati mukusungirako odzalemba m'tsogolo, ajambuleni akadali owerengeka. Pa chithunzi chilichonse lembani kumbuyo ndi pensulo amene alipo, malo ndi chaka, mkulu wowadziwa akadalipo kuti akuuzeni.

Za msika uja, pitani sabata ino kwa akuluakulu achitatu aja, muwafunse chinthu choyamba chimene iwo anagulitsapo pamenepo, ndi amene anayala pambali pawo.